Moto umene unazizira pansi pa Epworth

Munthu akakwera kombi pakati pa mzinda wa Harare n'kutsata msewu wa Chiremba kulowera kum'mwera chakum'mawa, akayenda makilomita ngati 12 amayamba kuona miyala ikuluikulu itasanjikizana pakati pa nyumba za anthu. Wina wakhala pamwamba pa unzake mopendekeka, moti mlendo amaganiza kuti mwana atangoukankha ndi chala ungagubuduke, komatu mibadwo yadutsa pansi pake mwalawo uli phee. Kumeneko ndi ku Epworth. Ina mwa miyalayi aliyense amene anagwirapo ndalama ya dziko la Zimbabwe amaidziwa, pakuti chithunzi chake chakhala pa ndalama za pepala kuyambira zaka zoyamba za ufulu. Chinali pa pepala lija la madola 100 thiriliyoni limene linatuluka kumayambiriro kwa 2009, ndipo chinaikidwanso pa ZiG imene inabwera mu 2024. Ndalamazo zagwa mphamvu, zadulidwa maziro, zasinthidwa mayina, koma miyala ya ku Chiremba ili pomwe inali.

Chodandaulitsa n'chakuti mwana wobadwira m'mphepete mwa miyala imeneyi amatha kukula mpaka kumera imvi osamvapo m'chinenero cha kunyumba kwawo mmene miyalayo inapangikira. Ambiri amaiona ngati nkhani ya alendo onyamula makamera. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akuwonongetsa zambiri, chifukwa mbiri ya miyala ya ku Epworth ndi yomweyo imene imafotokoza za madzi a m'zitsime za kumeneko, za mchenga umene anthu amamangira nyumba, ndiponso za chifuwa chimene chimagwira oswa miyala.

Nkhani ya moto wa pansi pa nthaka ikatchulidwa, maso a anthu amathamangira kutali. Amakumbukira phiri la Nyiragongo la m'nkhalango yotetezedwa ya Virunga ku Congo, limene linalavula chiphalaphala chamoto mu 2002 n'kudula mzinda wa Goma pakati, ndipo linaphulikanso mu Meyi 2021. Nkhalango ya Virunga inakhazikitsidwa mu 1925, ndipo pa nthawi za mtendere alendo ankalipira ndalama zambiri kuti akwere phirilo, agone pamwamba, aone nyanja ya moto ikuwira usiku. Ku Epworth kulibe phiri lophulika, kulibenso nkhalango yotere. Kuli malo aang'ono otchingidwa, amene boma linawaika m'gulu la zipilala za dziko mu 1994 ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la National Museums and Monuments of Zimbabwe. Komabe wopita ku Nyiragongo amangoona pakamwa pa ng'anjo. Zimene zimachitika m'mimba mwa ng'anjoyo, makilomita ambiri pansi, sangazione kumeneko. Kuti aone zimenezo ayenera kupita kumalo kumene moto unazima kalekale, ndipo mvula ndi mitsinje zinakokolola zonse zimene zinali pamwamba. Epworth ndi malo otero.

Mwala wa kumeneko akatswiri amautcha granite. Unayamba ngati phala lotentha kwambiri, miyala yosungunuka imene inakwera kuchokera pansi koma sinafike kunja. Inaima panjira, itaphimbidwa ndi miyala ina yochindikala makilomita angapo, ndipo inazizira pang'onopang'ono kwa zaka zikwi zambirimbiri. Umboni wake uli m'dzanja la aliyense amene angatole kachidutswa n'kukayang'anitsitsa padzuwa. Muli timibulu ta mitundu itatu: toyera kapena tofiirira totchedwa feldspar, towala ngati galasi totchedwa quartz, ndi takuda tonyezimira totchedwa mica. Timibulu timeneti timaoneka ndi maso chifukwa tinapeza nthawi yokula. Amayi amene ankaphika mchere wa m'dambo amadziwa kuti madzi akauma msangamsanga mcherewo umatuluka wosalala, koma akauma modekha umatuluka wamibulu. Chiphalaphala chimene chatulukira kunja chimazizira msanga, ndipo mwala wake nthawi zambiri umakhala wakuda, wa timibulu tosaoneka. Mwala wotere ndi umene mtsinje wa Zambezi umagwerapo pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Umenewo ndi basalt, ndipo unasefukira pamtunda zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo.

Granite wa m'dera la Harare ndi wakale kuposa pamenepo kutalitali: zaka zake ndi pafupifupi 2.6 biliyoni. Chiwerengero chotere chimangodutsa m'khutu ngati mphepo, choncho ndi bwino kuchiyala pa msewu umene anthu ambiri olankhula Chichewa amaudziwa ndi matako awo, wa basi yochoka ku Harare kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza kukafika ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 600. Tiyerekeze kuti basi ikunyamuka pa tsiku limene mwala wa ku Epworth unalimba, ndipo ikafika ku Blantyre lero lino. Basiyo idzaoloka malire onse awiri, idzaoloka Zambezi ndi Shire, dziko lisanaone mwala wa pa Mosi-oa-Tunya, umene ukubadwa patangotsala makilomita 40 okha. Phiri la Mulanje, limene nalonso ndi phala lozizirira pansi zaka ngati 130 miliyoni zapitazo, likupangika patatsala makilomita 30. Munthu woyamba wofanana ndi anthu a lero akuoneka kondakitala atayamba kale kutsitsa katundu, patatsala mamita 70. Ndipo mbiri yonse ya Epworth ngati mudzi, kuyambira pamene amishoni a mpingo wa Methodist anafika m'zaka za m'ma 1890 n'kutcha malowo dzina la kwawo kwa John Wesley ku England, ikukwana m'masentimita atatu omaliza.

Nanga anaisanjikiza ndani? Funso limeneli ndi limene ana amafunsa, ndipo yankho lake ndi lokoma kuposa mmene ambiri amaganizira. Miyalayo sinanyamulidwe kuchokera kwina. Inasemedwa pomwepo, ikadali pansi pa nthaka. Pamene granite ankazizira anafota n'kung'ambika, ndipo pamene katundu wa miyala ya pamwamba ankachotsedwa ndi kukokoloka, anang'ambikanso mopingasa. Ming'alu yoimirira ndi yogona inagawa thanthwe lonse m'zigawo zangodya zinayi, ngati njerwa zosanjidwa pa uvuni. Madzi a mvula analowa m'ming'alumo n'kuyamba kudya mwalawo mwakachetechete. Feldspar akakhalitsa m'chinyezi amasanduka dongo, mica amafumbutuka, koma quartz salola, amangomasuka n'kukhala mchenga. Tsono madzi amaluma pangodya kuchokera mbali zitatu, m'mphepete kuchokera mbali ziwiri, ndipo pamalo osalala kuchokera mbali imodzi yokha. N'chifukwa chake ngodya zimatha msanga, monga mmene sopo wamtanda amayambira kutha m'makona, mpaka chigawo chija chimasanduka chobulungira chitakutidwa ndi mwala wowola. Patapita nthawi yaitali mvula inakokolola zowolazo, ndipo mitima yolimba ija inatsala poyera, wina pamwamba pa unzake, monga inakhalira kuyambira pachiyambi. Pamene ming'alu inali yotalikirana madzi anasowa polowera, ndipo panatsala thanthwe limodzi lalikulu losalala, limene Ashona amati ruware. Ku Domboshava kumpoto kwa Harare kuli lotero, ndipo wa ku Lilongwe akayang'ana phiri la Bunda kapena la Nkhoma akuona abale ake a mathanthwe omwewo.

Limodzi mwa mathanthwe a ku Epworth ndi Domboramwari, kutanthauza mwala wa Mulungu, ndipo dera lonse lozungulira linatenga dzina lomwelo. Pathanthwepo pali chizindikiro chonga phazi la munthu. Akuluakulu a kumeneko amati linapondedwa mwalawo ukadali wofewa. Mchewa akamva zimenezi sangalephere kutsonya mnzake, pakuti ndi nkhani ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama kumalire a Malawi ndi Mozambique, kumene makolo amati mwamuna ndi mkazi oyamba anatsikira pamodzi ndi nyama n'kusiya mapazi awo pathanthwe lisanaume. Mitundu iwiri yotalikirana inayang'ana mwala n'kugwirizana pa mfundo imodzi, yoti chinthu cholimbachi chinali chofewa kale. Ophunzira ena amaseka nkhani zotere, koma akufulumira. Pa mfundo yaikulu makolo analasa: mwalawo unalidi wofewa. Pamene sayansi ikusiyana nawo ndi pa nthawi ndi malo, chifukwa kufewako kunali pansi penipeni, pa kutentha kwa madigiri mazana angapo, kusanakhale phazi lililonse padziko. Maenje ooneka ngati mapazi amakumbidwa ndi madzi odikha pathanthwe, amene amadya pang'onopang'ono pamene mwala uli wofooka. Mphunzitsi wanzeru sayamba ndi kuuza mwana kuti agogo ake ananama. Amayamba ndi kumufunsa kuti agogowo anaona chiyani pamwalapo chimene chinawapatsa ganizo lotere, kenaka n'kumutsogolera kuchokera pamenepo. Ndipo anthu a mipingo ya zovala zoyera amene amapemphera m'miyalamo sataya kanthu podziwa zaka za mwala umene agwadapo.

Anthu a ku Malawi, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia ali ndi chifukwa china chapadera chofunira kudziwa zimenezi. Epworth, monga Mabvuku, Tafara ndi Mufakose, ndi kwawo kwa mabanja ambiri amene makolo awo anachokera kutsidya kwa Zambezi, ena pa mapazi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera mwa Mthandizi. Gule wamkulu amavinidwa kumeneko mpaka lero. Chimene chinawakoka ambiri mwa matchona amenewa ndi miyala. Golide wa ku Arcturus, ku Shamva ndi ku Mazowe amapezeka m'miyala yobiriwirako imene ili yakale kuposa granite wa ku Epworth, ndipo yambiri mwa miyala imeneyo ndi chiphalaphala chenicheni cha mapiri ophulika, china chotulukira pansi pa nyanja zimene zinauma kalekale. Chrome wa ku Mutorashanga ndi platinum wa ku Ngezi, ku Shurugwi ndi ku Zvishavane ali mu Great Dyke, mzere wa mwala wosungunuka umene unadzaza mng'alu wautali makilomita oposa 500 pakati pa dziko la Zimbabwe zaka zoposa 2.5 biliyoni zapitazo. Agogo aamuna a ana a ku Epworth anatha zaka zawo m'mimba mwa moto wozizirawu. Ankadziwa kulira kwa mwala wofuna kugwa, ankasiyanitsa mwala wokhala ndi chuma ndi wopanda kanthu pongouyang'ana pa nyali, koma mapu ndi mabuku zinali m'manja mwa ena, m'chinenero cha ena. Zingakhale zomvetsa chisoni ngati zidzukulu zawo zitatsalanso panja pa chidziwitso chomwecho.

Wina anena kuti munthu wanjala sadya mbiri ya miyala. Mawu amenewa ndi olemera, ndipo sayenera kukankhidwira pambali. Epworth inakula mofulumira pa nthawi ya nkhondo ya ufulu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene anthu ankathawa kumidzi, ndipo yapitirira kukula mopanda dongosolo lokwanira. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 200,000 kumeneko. Mabanja ambiri alibe madzi a m'mipope ngakhale mipaipi yochotsa zonyansa. Koma apa mpamene nkhani ya mwala imalowera m'khitchini. Mwala wowola uja umene unakokoloka pamwamba n'kusiya miyala yosanjikizana udakalipo pansi pa mabwalo a nyumba. Ndi wosakanikirana mchenga ndi dongo, ndipo pansi pake pali thanthwe lolimba limene sililola madzi kupitirira. Madzi a mvula amadikha m'gawo lowolalo, ndipo chitsime chokumba ndi manja chimatunga momwemo. Chimbudzi chokumba nachonso chimathera m'gawo lomwelo. Dothi lamchenga silisefa mokwanira, ming'alu ya m'thanthwe imayendetsa madzi mofulumira osawasefa n'komwe, ndipo m'dzinja madzi a pansi akakwera, mtunda wa pakati pa chimbudzi cha uyu ndi chitsime cha uyo umasanduka waufupi kwambiri. Dziko la Zimbabwe linataya anthu oposa 4,000 ndi kolera mu 2008 ndi 2009, ndipo matendawa anabwereranso mu 2018 ndi mu 2023.

A zaumoyo amalangiza kuti chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, patali mamita 30 kapena kuposerapo. Pa mapuloti opanikizana a ku Overspill kapena ku Magada, langizo limeneli n'lovuta kulitsata ngakhale munthu atafunitsitsa. Mayi amene akumvetsa chifukwa chake madzi ooneka oyera a m'chitsime chake angakhale ndi matenda sadzaleka kuwawiritsa kapena kuthiramo mankhwala mvula ikayamba. Koposa apo, akapita ku msonkhano wa khonsolo amakhala ndi mfundo imene wandale sangaizembe ndi nthabwala: nthaka ya kuno siingathe kusunga zitsime ndi zimbudzi za anthu ochuluka chotere pamalo amodzi, choncho mipope si mphatso yodikira nthawi ya chisankho.

N'chimodzimodzi ndi dziwe la pamalo pamene kale ankaphwanyapo miyala, limene anthu analipatsa dzina la dziwe la imfa chifukwa cha miyoyo imene yatayikamo. Thanthwe lopanda ming'alu limasunga madzi ngati mtsuko, ndipo makoma a dzenje lotere amatsika chiriri, opanda gombe loti mwana apondepo n'kubwerera.

Palinso oswa miyala. M'madera ambiri ozungulira Harare, monganso m'mphepete mwa misewu ya ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Lusaka, amayi ndi abambo amakhala tsiku lonse ndi hamala, kuphwanya miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. Ena amayamba asonkha moto pathanthwe kuti lisweke, nzeru yomwe mayi aliyense amene anaonapo fuwa likung'ambika pamoto amaidziwa. Okonda zachilengedwe amafulumira kuwaloza chala anthu amenewa kuti akuwononga chuma cha dziko. Kuwadzudzula kokha n'kosathandiza, pakuti palibe amene amasankha ntchito imeneyi ali ndi ina, ndipo amene amagula miyalayo pa mawilibala ndi pa malole nthawi zambiri ndi anthu ovala bwino a m'madera ena. Chimene oswa miyala akuyenera kumva choyamba ndi chokhudza mapapo awo. Timibulu towala tija ta quartz tikaphwanyika timatulutsa fumbi losaoneka limene likalowa m'mapapo silitulukanso. Limayambitsa zipsera, munthu amayamba kubanika, ndipo chifuwa chachikulu chimamupeza mosavuta. Ndi nthenda yomwe ija imene inabweza amuna ambiri kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ya ku Rhodesia ali otsokomola. Kunyowetsa mwala pouswa, kukhala kumene mphepo ikuchokera, ndi kusakhazika mwana wakhanda pambali pa mulu wa fumbi, zonsezi zimachepetsa ngoziyo. Munthu amene wauzidwa zoona zokhudza thupi lake amamvanso mosavuta akapemphedwa kuti miyala yosanjikizana ndi mathanthwe okhala ndi zojambula za anthu akale azisiye, pakuti zimenezo zikasweka palibe fakitale imene ingazibwezere. Mpanda ndi mlonda zimateteza kadera kochepa chabe. Miyala yambiri ya ku Epworth ili kunja kwa mpanda, kuseri kwa makhitchini ndi m'mphepete mwa mabwalo a mpira, ndipo oiteteza kapena oiwononga ndi anthu okhala nayo.

Zonsezi zikufuna mawu, ndipo apa mpamene olankhula Chichewa ndi Chinyanja ali ndi ntchito. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula zinenero 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa chili pa mndandandawo. Anthu amene kwa zaka zambiri ankanyozedwa kuti ndi mabhurandaya, ena mpaka kulembedwa pa ziphaso ngati alendo m'dziko limene anabadwira, ali ndi ufulu wopempha kuti chikwangwani cha pa chipata cha ku Chiremba chifotokoze mbiri ya miyalayo m'Chishona ndi m'Chichewa, pambali pa Chingerezi. Koma wopempha afike ndi mawu okonzeka m'manja. Chinenerochi sichiyambira pa umphawi. Chili ndi thanthwe, nsangalabwi, mphero, phanga, phompho, kasupe, katondo, makande, chivomezi. Chili ndi chiphalaphala, mawu amene akufika pafupi kwambiri ndi mwala wosungunuka. Chimene chikusowa ndi kugwirizana pa zinthu zochepa, monga mmene angasiyanitsire chiphalaphala chobisika pansi ndi chotulukira kunja, kapena dzina la gawo la mwala wowola limene okumba zitsime amalidziwa bwino ndi piki yawo. Ndi okumba zitsimewo, pamodzi ndi nkhalamba zimene zinagwira ntchito m'migodi, amene ayenera kufunsidwa poyamba, aphunzitsi a ku yunivesite asanakhale pansi kupeka mawu atsopano. Mayina monga granite ndi basalt angathe kubwerekedwa mmene alili, monga zinenero zambiri za padziko zachitira. Kukangana zaka khumi pa dzina la mwala, ana akumwa madzi oipa, kungakhale kutaya nthawi.

Mawu amenewa akapezeka adzagwira ntchito kutali ndi Harare. Mwana wa ku Karonga, amene makolo ake anagona panja pa zivomezi za mu Disembala 2009, akukhala m'chigwa chimene chikung'ambika mpaka lero, ndipo kungodutsa malire kulowa ku Tanzania kuli mapiri a moto a Rungwe ndi Kyejo. Wa ku Nkhotakota ndi wa ku Chiweta amasamba m'akasupe otentha. Wa ku Mangochi amadutsa pa Mwala wa Mphini popita ku Cape Maclear, wa ku Dedza amakulira pansi pa mathanthwe a Chongoni, ndipo wa ku Moatize amapuma fumbi la malasha. Aliyense wa iwo ali ndi kachidutswa ka nkhani imodzi.

Ku Epworth phunziro loyamba silifuna basi, ndalama za ulendo kapena labotale. Mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale angatulutse ana ake m'kalasi Lachisanu masana, aliyense atanyamula botolo la madzi. Athire madziwo pamwamba pa thanthwe n'kuona kumene akulowera. Atole mwala wolimba ndi wina wowola wa m'mbali mwa ngalande, aufinye wowolawo m'manja mpaka usanduke mchenga ndi dongo. Kenaka apite pa chitsime chimene chikukumbidwa kumene, asuzumire, awerenge mitundu ya dothi kuchokera pamwamba mpaka pamene piki yayamba kulira, ndipo ayeze ndi mapazi awo mtunda wochokera pamenepo kukafika pa chimbudzi chapafupi.